Phunziro 14: Kalulu Akadwala Usiku

M'nthano za makolo Kalulu ndiye mwini cinyengo. Kalulu woweta si mtundu umodzi ndi wa kuthengo uja, pakuti makolo ace anacokera ku Spain ndi ku Portugal. Koma iyenso ali nako kucenjera kwace. Popeza zirombo zimayamba kugwira nyama yofoka, kalulu amabisa nthenda yace. Cifukwa cace mwini akazindikira kuti ciweto cace cadwala, kawirikawiri nthendayo yakula kale.

Nthenda siisankha nthawi. Imadza usiku kapena pa Sabata, maofesi atatsekedwa. Motero mwana woweta akalulu ayenera kudziwa zizindikiro zinai zosalola kulinda mmawa.

Coyamba ndico kuleka kudya. Matumbo a kalulu amagwira nchito usana ndi usiku, ndipo iye satha kusanza. Akakhala maora 12 osadya ndi osataya ndowe, mpweya umadzaza m'mimba mwace. Amadzikunkha pangondya, nakukuta mano ndi ululu, ndipo akhoza kufa msanga.

Caciwiri ndico mphutsi. Nchenche zimaikira mazira pa ubweya wonyowa ndi wauve wa kumbuyo. Mazirawo amaswa tsiku limodzi lisanathe, ndipo mphutsi zimayamba kudya thupi la kalulu ali wamoyo.

Cacitatu ndico kupuma pakamwa. Kalulu wabwino amapumira m'mphuno. Akagona coyasama, makamaka m'dzuwa la mwezi wa October, ali pangozi yaikuru.

Cacinai ndico kukoka miyendo ya kumbuyo atagwa, kapena bala lolumidwa ndi galu.

Mwana akaona cimodzi ca izi, adzutse makolo ace, ndipo iwo aimbe foni kwa dokotala wa ziweto, amene anthu ambiri amati a vetenale. Afotokoze nthawi imene kalulu anatsiriza kudya, cimene anadya, ndi maonekedwe a ndowe zace. Dokotala akati abwere naye, asazengereze.

Pomnyamula, dzanja limodzi ligwire pacifuwa ndi lina kumatako. Kumgwira makutu nkoipa, pakuti pophiriphitha akhoza kuthyola msana wace. Aikidwe m'bokosi la zibowo, moyalidwa udzu wouma, kutali ndi phokoso. Ngati watenthedwa, apite naye pamthunzi, nanyowetse makutu ace ndi madzi ozizira pang'ono, asammize m'madzi. Ngati makutu ndi mapazi ace azizira, amfunditse nsaru. Madzi ndi udzu zikhale pafupi, koma ngati mimba yatupa ndi kuuma asamkakamize kudya.

Mankhwala a anthu asampatse. Ena a iwo, monga amoxicillin, amapha tizirombo tabwino ta m'matumbo timene timamthandiza kugaya udzu, ndipo kalulu amafa ndi mankhwala omwewo.

Komatu nchito yaikuru icitike kalulu asanadwale. Ku maboma kuli maofesi oyang'anira ziweto, ndipo m'mizinda monga Lusaka muli zipatala za ziweto. Koma si dokotala ali yense amalandira odwala usiku, ndiponso si onse azolowera akalulu. Woweta wanzeru amapita usana kukafunsa kuti ndani angathandize ofesi itatsekedwa. Amalemba nambala ya foni pa citseko ca khola, nasunga ndalama pang'ono za ulendo ndi za mankhwala. Madzulo ali onse amayang'ana ngati udzu wadyedwa, ngati ndowe zatsopano zilipo, ndi ngati kumbuyo kwa kalulu kuli kouma. Akulu anati, zengerezu analinda kwaukwau.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji kalulu amabisa nthenda yace?
2. Chulani zizindikiro zinai zosalola kulinda mmawa.
3. Kodi kalulu wodwala anyamulidwe motani?
4. Cifukwa ninji mankhwala a anthu ali oopsa kwa kalulu?
5. Lembani zinthu zitatu zimene woweta ayenera kukonzeratu.