Kodi ndimulipire mwana wanga kuti asiye tik?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamwamuna ali ku Cape Town ndipo walowerera ndi tik. Ntchito inamuthera, thupi nalo latha. Mlamu wake akuti kunja anthu otere amapatsidwa mphoto akasiya. Kodi ndizimutumizira ndalama mlungu uliwonse umene sanasute? Mtima wanga ukukana. Munthu n'kulipidwa chifukwa chosiya choipa?
Mayi wodandaula, Dedza

YANKHO: Pepani mayi. Mlamuyo sananame, njirayo ilipo ndipo imatchedwa contingency management. Ine ndimaikhulupirira. Tik ndi methamphetamine, ndipo mpaka lero palibe mankhwala ovomerezeka othetsa chibaba chake kapena cha cocaine, monga methadone amathandizira osuta heroin.

Stephen Higgins wa ku yunivesite ya Vermont ku America anaiyesa pa anthu a cocaine kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Wodwala ankayezedwa mkodzo katatu pa mlungu. Ukapezeka wopanda cocaine, ankalandira pompopompo vocha yogulira katundu. Yoyamba inali ya $2.50, ndipo zotsatira zinkakwera mtengo akamapitiriza. Akaterereka, mtengo unkabwerera poyambira, koma munthuyo sankathamangitsidwa. Zipatala za asilikali opuma ku America zinayamba njirayi mu 2011, ndipo boma la California linaiyamba mu 2023 kwa milungu 24, mphoto yosapitirira $599 pa chaka.

Musaione ngati chiphuphu. Tik amasangalatsa ubongo nthawi yomweyo, pamene phindu la kusiya, monga ntchito, thanzi ndi ulemu, limachedwa miyezi. Ubongo wozolowera tik sutha kudikira choncho. Kamphoto kakang'onoko kamam'patsa chogwira lero, kufikira zabwino zenizenizo zitayamba kuoneka. Ena amabwereranso mphoto zikatha, n'chifukwa chake uphungu uyenera kuyendera limodzi.

Koma ndalama musatumize. Popanda kuyeza mkodzo mudzakhala mukulipira mawu a pafoni, ndipo ndalamayo ingathere kwa wogulitsa tik yemweyo. Khonsolo ya mzinda wa Cape Town ili ndi makiliniki a Matrix othandiza anthu otere mwaulere. Mlamuyo amuperekeze kumeneko, afunse za kuyeza mkodzo, ndipo zotsatira zikatuluka bwino, amugulire tsiku lomwelo chakudya, mayunitsi kapena nsapato.

Mwana wanuyo akayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kukhala masiku osagona kapena kumva kuwawa pachifuwa, mlamuyo apite naye kuchipatala msanga.