Phunziro 14: Cona wa Ambuya

Mau atsopano: kukalamba, cisoni, kutonthoza, mafuwa, ciwewe

Werengani nkhani iyi mokweza. Mukatha, muiwerengenso camumtima.

Anthu ambiri a ku Chipangali ndi alimi. Amalima cimanga, nshawa, thonje ndi fodya. Akakolola, mdani wao wamkulu ndi khoswe. Khoswe amaboola masaka ndi kudya za m'nkhokwe. Ndiye cifukwa cake mabanja ambiri amaweta cona. Ena amamucha mphaka.

Pamudzi wina, kufupi ndi mseu wocoka ku Chipata kupita ku Lundazi, panali ambuya ndi mdzukulu wao wamkazi wa giredi 3. Iwo anali ndi cona wakuda wa mapazi oyera. Dzina lake anali Masokosi.

Masokosi anali ndi zaka 14. Iye anali wamkulu kuposa mdzukulu uja! Boma la Chipangali litakhazikitsidwa mu 2018, Masokosi anali akugwira kale makoswe pakhomo la ambuya.

Koma tsopano anali atakalamba. Mano ena anaguluka. Anaonda, ndipo sanali kukweranso pankhokwe. Mwezi wa Juni, nthawi yozizira, anali kungogona pafupi ndi mafuwa. Mtsikana anali kumufewetsera nsima ndi msuzi wa kapenta kuti adye bwino.

Tsiku lina m'mawa, mtsikana anaitana, “Masokosi! Masokosi!” Koma kunali zii. Anamupeza ali gone kuseri kwa khichini. Sanali kupuma.

Mtsikana analira kwambiri. Ana ena anabwera kudzaona. Mnyamata wina anaseka nati, “Iwe, ulira cona? Nanga ndi munthu?”

Mtsikana anacita manyazi, nathawira m'nyumba. Ambuya anamutsata, nakhala naye pamphasa.

“Ambuya, ndine ndamupha,” anatero mtsikana. “Dzulo usiku anafuna kugona pabulangeti langa, ine ndinamupitikitsa.”

“Iyai, mdzukulu wanga,” anayankha ambuya. “Masokosi wafa ndi ukalamba. Suja anali kulephera kutafuna? Iwe ndiwe unali kumudyetsa tsiku ndi tsiku. Ngakhale ukanagona naye, tsiku lake linali litakwana.”

“Nanga anzanga akundisekeranji?”

“Aleke. Iwo sanakhale naye. Lira, mwana wanga. Nanenso mtima ukundiwawa. Cona uyu ndinamutenga ali kamwana, kokwana m'dzanja limodzi. Pamene iwe unali kukwawa, unali kumukoka mcira, koma sanakukande ngakhale kamodzi.”

Mtsikana anaseka pang'ono, misozi ikali m'masaya.

Madzulo amalume anakumba dzenje lakuya pansi pa mtengo wa mango, kuti agalu asafukule. Sanamugwire Masokosi ndi manja. Anamunyamula ndi fosholo, namukulunga m'saka lakale. Atakwirira, mtsikana anaikapo miyala itatu. Kenaka onse anasamba m'manja ndi sopo.

Masiku otsatira anali ovuta. Akadya nsima, mtsikana anali kusiya kambamu pambali, kenaka n'kukumbuka kuti wodya palibe. Kambale ka Masokosi anakatsuka, nakasunga pansi pa bedi.

Patapita masabata awiri, makoswe anayamba kusokosa padenga usiku. Anaboola saka la nshawa za mbeu. Amai a nyumba yoyandikana anabwera nati, “Cona wathu ali ndi ana anai. Tengani mmodzi.”

Ambuya anayang'ana mdzukulu wao. “Ukuti bwanji?”

“Ambuya, ndikali kumukumbuka Masokosi,” anatero mtsikana. “Koma nshawa zidzatha. Kamwanako kakaleka kuyamwa, tikakatenge. Koma dzina lake lisakhale Masokosi.”

“Cabwino,” anatero ambuya. “Dzina udzasankha ndiwe.”

Dziwani izi
Cona wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15, ndipo ena amapitirira. Musagwire nyama yakufa ndi manja. Itanani munthu wamkulu. Agalu ndi acona angadwale ciwewe, matenda oopsa amene amaphanso anthu. Cona kapena galu akakulumani, tsukani bala ndi madzi ndi sopo, ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo.

Yankhani mafunso awa
1. Kodi alimi amaweta cona cifukwa ciani?
2. Chulani zinthu ziwiri zoonetsa kuti Masokosi anakalamba.
3. N'cifukwa ciani mtsikana anaganiza kuti ndiye anapha cona? Kodi zinali zoona?
4. Mtsikana anali ndi zaka 9. Kodi Masokosi anamuposa ndi zaka zingati?
5. Muganiza kuti n'cifukwa ciani anakana kupatsa kamwana dzina la Masokosi?

Kambiranani awiriawiri
Mnzanu akulira cifukwa ciweto cake cafa. Mungamuuze mau otani omutonthoza?

Lembani m'mabuku anu
Jambulani ciweto cimene mumakonda. Lembani ziganizo zitatu za ico. Gwiritsani nchito mau awa: dzina, cakudya, cisoni.