Ulendo wa ku Nkhalango ya Andasibe

Dziko la pakati pa madzi

Chilumba ndi malo ozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za pa nyanja yathu. Koma kuli chilumba china chachikulu kwambiri, dzina lake Madagascar. Chili m'nyanja ya mchere ya India, makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku gombe la Mozambique. Kukula kwake kuli ngati Malawi kasanu. Likulu lake ndi mzinda wa Antananarivo.

Chaka ndi chaka alendo amapita ku Madagascar pa nthawi ya tchuthi. Ambiri a iwo amapita kukayenda m'nkhalango. Kodi munthu angalipire ndege kuti akaone mitengo? Tiyeni tipite nawo, tikaone tokha.

Nkhalango ya mvula

Kuchokera ku Antananarivo timalowera kum'mawa. Galimoto imayenda maola atatu kapena anayi pa msewu wokhotakhota wopita ku doko la Toamasina. Tikatero tafika pa mudzi wa Andasibe. Pafupi ndi mudziwu pali nkhalango yotetezedwa ya Andasibe-Mantadia, imene boma lidaikhazikitsa mu 1989.

Kuno mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse. Chifukwa chake n'chiyani? Mphepo imachokera ku nyanja itanyamula chinyezi. Ikagunda mapiri imakwera, imazizira, ndipo chinyezi chija chimagwa ngati mvula. Anzathu a ku Mulanje ndi ku Thyolo akuzidziwa zimenezi, pakuti chiperoni chimabwera motero.

Nkhalango yotere siyoyola masamba onse m'chilimwe monga imachitira mitengo yambiri ya kwathu. Imakhala yobiriwira chaka chonse. Nthambi zimakumana m'mwamba ngati denga, ndipo pansi pamakhala mthunzi ndi chinyontho ngakhale masana. Zomera zoyanga zimakulunga mitengo. Maluwa ena amamera pa nthambi, osakhudza dothi konse.

Kukonzekera ulendo

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna kuona nkhalango ya mvula avomere kunyowa ndi kuterereka. Choncho atenge nsapato zolimba zosaterera, chovala cha mvula, madzi akumwa ndi kamba pang'ono. Avale buluku lalitali, ndipo miyendo yake ailowetse m'masokosi. Izi zimateteza ku misundu, imene imachuluka mvula ikagwa. Msundu ukakulumani musachite mantha. Uchotseni pang'onopang'ono ndi chikhadabo, kenaka tsukani balalo. Usiku gonani m'neti, chifukwa malungo aliko.

Nthawi ya ulendo nayonso isankhidwe bwino. Kuyambira Januwale mpaka Malichi kumagwa mvula yamphamvu ndipo kumabwera anamondwe. Namondwe Freddy, amene adatiliza mu Malichi 2023, adayamba wadutsa ku Madagascar mu Febuluwale. Alendo ambiri amakonda miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala.

Pa chipata mlendo amalipira ndalama yolowera. Lamulo lake ndi lakuti salowa yekha. Amatenga wotsogolera alendo, ndipo amamlipira. Ambiri mwa otsogolerawa ndi ana a m'midzi yomweyo. Amadziwa njira zonse, ndiponso amadziwa mtengo umene nyama zidagonamo dzulo.

Nyimbo ya m'mamawa

Timalowa m'nkhalango m'mamawa, nkhungu isanachoke. Musaope mkango kapena njovu. Ku Madagascar kulibe mikango, kulibe njovu, kulibenso afisi. Nyama za kuno ndi zina. Zotchuka kwambiri ndi malima, amene pa Chingerezi amalembedwa kuti lemur. Ndi abale ake a changa, uja wa maso aakulu wolira usiku. Alipo mitundu yoposa 100, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar.

Mwadzidzidzi tikumva kulira kwakukulu kuchokera m'mwamba. Liwu likukwera, likutsika, lina likuyankha kutsidya kwa chigwa. Ameneyo ndi indri, mkulu wa malima onse amene ali moyo lero. Nyimbo yake imamveka pa mtunda wa makilomita awiri. Banja lililonse limaimba pouza anzawo kuti, dera lino lili ndi eni ake.

Wotsogolera akukweza dzanja. Tonse tikhale chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tayang'anani m'mwamba! Indri uja wakumbatira mtengo. Ubweya wake ndi wakuda ndi woyera. Miyendo yake ndi yaitali, koma mchira ndi kachidutswa chabe. Amalemera makilogalamu 6 mpaka 9. Akafuna kuchoka amadumpha kuchoka pa mtengo wina kufika pa wina, mamita ngakhale 10.

Anthu a kuno amamutcha babakoto. Ena amasimba nthano ya mnyamata amene adakwera mtengo kukafula uchi, nalephera kutsika, ndipo indri adamupulumutsa. Kwa ambiri a iwo kupha indri n'kosaloledwa pa mwambo. Choletsedwa chotere amachitcha fady. Mlendo wanzeru amafunsa za fady za pamalopo ndi kuzilemekeza.

Wotsogolera adzakuonetsaninso abilimankhwe a mitundumitundu. Pafupifupi theka la mitundu yonse ya abilimankhwe a pa dziko lapansi limapezeka ku Madagascar. Madzulo alendo amayenda ndi tochi m'mbali mwa msewu kukaona achule ndi timalima tating'ono ngati mbewa.

Malamulo a m'nkhalango ndi osavuta. Yendani m'njira yoikidwa. Musadyetse nyama. Musathyole maluwa. Musataye mapepala kapena mabotolo. Lankhulani motsitsa mawu.

Nkhalango ikutha

Tsopano tiyeni tione mbali yowawa. Akatswiri adapeza kuti pakati pa 1953 ndi 2014 Madagascar idataya magawo 44 mwa magawo 100 a nkhalango zake zachilengedwe. Alimi amadula mitengo ndi kuitentha kuti adzale mpunga m'mapiri. Ulimi umenewu amautcha tavy. Phulusa limapatsa chonde kwa zaka zochepa, kenaka nthaka imaguga, ndipo mlimi amakatsegula munda wina. Ena amaotcha makala. Sitinganene kuti anthuwa ndi oipa mtima. Akufuna chakudya cha ana awo. Koma phiri likakhala lambee, mvula imakokolola dothi, pamatsala zigwembe zofiira.

Nanga indri athawire kuti? Chakudya chake chachikulu ndi masamba anthete a mitengo ya m'nkhalango. Anthu adayesa kumuweta m'khola, koma sakhalitsa, amafa. Wamkazi amabala mwana mmodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu. Choncho nkhalango ikatha, indri wathanso, ndipo palibe dziko lina kumene tingakamtenge.

Indri akatha, alendo sadzabweranso. Wotsogolera alendo adzasowa ntchito. Mayi wophika ku nyumba ya alendo adzasowa malipiro. Mlimi wogulitsa nthochi ndi mazira adzasowa msika. Mtengo wotenthedwa makala umadyetsa banja masiku ochepa. Mtengo woimirira, wokhala ndi indri pa nthambi, umabweretsa ndalama chaka ndi chaka.

Anthu ena a ku Andasibe adaziona zimenezi. Adayambitsa bungwe lotchedwa Mitsinjo. Amasamala chigawo china cha nkhalango, amatsogolera alendo, ndiponso amafesa mbande za mitengo yachilengedwe m'nazale. Mbandezo amakazidzala m'malo odulidwa, kuti zigawo za nkhalango zilumikizanenso ndipo nyama zizitha kuyenda.

Ntchitoyi ndi yaitali. Mtengo umagwa tsiku limodzi, koma umatenga zaka zambiri kuti ukule. Mlendo amene walipira pa chipata, nalemba wotsogolera wa m'mudzi, nagula chakudya kwa eni dera, wathandizapo pa ntchito imeneyi.

Mawu oti tiwakumbukire

chilumba, nkhalango, chinyezi, misundu, namondwe, mbande, nazale, zigwembe

Mafunso

1. Kodi Madagascar ili pa mtunda wotani kuchokera ku gombe la Mozambique?
2. Chifukwa chiyani mvula imagwa kawirikawiri ku Andasibe?
3. Tchulani zinthu zinayi zimene mlendo ayenera kutenga.
4. Chifukwa chiyani indri sangapulumuke nkhalango ikatha?
5. Tchulani anthu atatu amene amapindula alendo akabwera.

Zoti tikambirane

Funsani munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu za nyama ndi mitengo imene inkapezeka kale koma lero kulibe. Lembani maina ake m'kope mwanu. Mukadzakumananso, aliyense awerengere anzake zimene walemba.