KUKONZEKERA MASIKU A MAZUNZO

Phunziro la akatekisiti ndi Akhristu a m'minda ya tiyi

Munthu aliyense amene wagwirako ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo adziwa chimene chichitika nyengo yodulira ikafika. Mtengo umene dzulo unali wobiriwira usanduka chitsa chopanda ndi tsamba limodzi lomwe, kotero kuti mlendo wopita m'njira ayesa kuti munda wafa. Koma wodulira sada nkhawa, pakuti adziwa kuti asanafike ndi mpeni wake mtengowo unalekedwa kupumula, osathyoledwa, kuti usunge chakudya m'mizu. Chakudya chobisikacho ndicho chitulutsa mphukira zatsopano. Mtengo umene unalibe kanthu m'mizu uphuka movutikira, ndipo wina ungouma.

Chikhulupiriro cha Mkhristu chiri chimodzimodzi. Mazunzo akafika achotsa zonse zooneka ndi maso: tchalitchi chitsekedwa, wansembe athamangitsidwa, mabuku alandidwa. Chotsala ndi chokhacho chimene munthu anasunga mumtima masiku a mtendere.

1. Kodi mazunzo angafike kuno?

Lero Akhristu a m'Malawi apemphera momasuka, ndipo malamulo aakulu a dziko, amene anakhazikitsidwa mu 1994, ateteza ufulu wa chipembedzo. Ayenera kuthokoza Mulungu chifukwa cha ichi. Koma akuluakulu a ku Thunga, ku Bvumbwe ndi ku Makwasa akumbukira bwino kuti sizinali chomwechi masiku onse.

Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Ambuye Aepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Inanena poyera za malipiro ochepa a antchito, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ndi za anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuweruzidwa. Patapita masiku awiri okha Aepiskopi, pamodzi ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, anaitanidwa ndi apolisi nafunsidwa kwa maola ambiri. Pa msonkhano wa chipani cholamula ena analankhula zowapha. Nyumba yosindikizira mabuku ya ansembe a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto, ndipo Monsinyori John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndi kuti wopezeka nayo ali ndi mlandu. Motero funso silinatsale m'nyumba za Aepiskopi, linalowa ndi m'makomboni momwe. Wothyola tiyi amene anali ndi kalatayo pansi pa mphasa anayenera kusankha yekha: kuibweza, kuitentha kapena kuisunga.

Ndiponso kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kumene makolo a Alomwe ambiri a ku Thyolo anachokera, boma linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni mu 1975, ndipo nkhondo inabalalitsa ansembe. Pa 22 Marichi 1992, milungu iwiri yokha chiwerengedwere kalata ija, akatekisiti ndi a pabanja pao oposa 20 anaphedwa ku Guiúa, pafupi ndi Inhambane, kumene anabwera kudzaphunzira ntchito yao. Ndipo mu Seputembala 2022 Sisitere Maria De Coppi anaomberedwa pa mishoni ya Chipene, m'chigawo cha Nampula. Tsono Mkhristu wanzeru sanena kuti zotere nza maiko akutali.

2. Chitsanzo cha Amaritiri a ku Uganda

Akhristu ambiri adziwa za moto wa ku Namugongo, koma ndi ochepa amene afunsa kuti anyamata aja anazitenga kuti mphamvu zao. Bambo Simeon Lourdel anafika m'dziko la Buganda mu 1879. Chakumapeto kwa 1882 ansembe onse anachoka m'dzikomo chifukwa cha zoopsa, ndipo sanabwerenso kufikira mu 1885. Zaka pafupifupi zitatu munalibe Misa, munalibe kulapa, munalibe wansembe ndi mmodzi yemwe. Kodi nkhosa zinamwazika? Iyai. Obatizidwa ochepa aja, monga Joseph Mukasa ndi Andrew Kaggwa, anasonkhanitsa anzao m'nyumba zao, nawaphunzitsa mapemphero ndi katekisimu monga anaziloweza pamtima, nabatiza odwala amene anali pafupi kufa. Ansembe pobwera anapeza Akhristu ndi ophunzira atachuluka kuposa amene anawasiya.

Joseph Mukasa anaphedwa pa 15 Novembala 1885, chifukwa anadzudzula mfumu Mwanga pa imfa ya Episkopi Hannington wa Anglikani, ndiponso chifukwa anali kutchinjiriza anyamata a kunyumba ya mfumu ku zonyansa zimene mfumuyo inafuna kuchita nao. Charles Lwanga analowa m'malo mwake pa ntchito yosamala anyamatawo. M'mwezi wa Meyi 1886, ataona kuti ukali wa mfumu wafika pachimake, anachezera nao usiku m'mapemphero, nabatiza ena amene anali asanabatizidwe, pakati pao Kizito, mnyamata wa zaka ngati 14. Kutacha, mfumu italamula kuti onse opemphera apatuke, palibe amene anafunika kuganiza nthawi yaitali, pakuti mlanduwo anali ataugamula kale mumtima. Ambiri anatenthedwa pa 3 Juni 1886. Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la Oyera, onse 22, pa 18 Okutobala 1964.

Kulimba mtima kwa ku Namugongo kunali chaulere cha Mulungu, inde. Koma chaulerecho chinagwa pa nthaka yolimidwa kale m'zaka zitatu zija zopanda wansembe. Ambuye Yesu mwini, m'fanizo la wofesa, anachenjeza za mbeu yogwa pathanthwe, imene imera msanga koma ifota dzuwa likakula, chifukwa iribe muzu.

3. Njira zinai zosungira chakudya m'mizu

Yoyamba ndiyo kudziwa chikhulupiriro pamtima. Buku lingalandidwe, lamya ingathyoke, koma chimene chiri pamtima palibe wochilanda. Mkhristu aliyense, ngakhale wosadziwa kuwerenga, ayenera kuloweza Atate Athu, Tikuoneni Maria, Ndikhulupirira, Malamulo Khumi ndi pemphero lachisoni pa machimo. Ayeneranso kudziwa kabatizidwe ka munthu wodwala kwakayakaya: kuthira madzi pamutu ndi kutchula mau a ubatizo m'dzina la Utatu Woyera. Ndi angati mwa olandira Ulimbitso chaka chino amene angathe kuchita ichi wansembe ndi katekisiti palibe?

Yachiwiri ndiyo kupemphera pabanja. Nyengo ya mvula, pamene tsamba lichuluka, wantchito achoka mbandakucha nabwera kwada, msana ukupweteka ndi dengu. Nkwapafupi kunena kuti mapemphero adikire Lamulungu. Koma banja limene lipemphera m'tchalitchi mokha lidzaleka kupemphera tsiku limene tchalitchi chidzatsekedwa. Ngakhale gawo limodzi la korona asanagone likwanira kuti ana aone bambo wao atagwada. M'mera mpoyamba.

Yachitatu ndiyo kudziwana mumphakati. Wozunza ayamba ndi kulekanitsa anthu, kuti yense aope mnzake ndi kumuyesa kazitape. M'makomboni anthu abwera ndi kupita ndi nyengo ya ntchito, ndipo Mkhristu angathe kukhala miyezi isanu osadziwika kwa Akhristu anzake. Mphakati umene ufunafuna alendo otere, umene uzonda odwala ndi kusonkhera ufa banja la munthu wochotsedwa ntchito, ndiwo udzathanso kudyetsa ana a munthu womangidwa chifukwa cha chikhulupiriro. Ambiri agwa m'mazunzo osati poopa imfa yao, koma poganiza kuti ana adzatsala ndi yani.

Yachinai ndiyo kukhulupirika m'zazing'ono. Mayeso a masiku onse ndiwo sukulu ya mayeso aakulu. Mlembi wa pasikelo akapemphedwa kuchepetsa makilo a wina ndi kuonjezera a mnzake; mai wamasiye akauzidwa ndi kapitao wina kuti dzina lake lidzalembedwanso ntchito pokhapokha avomere zoipa; mboni ikanyengereredwa kunamizira mnzake wosalakwa: pamenepo munthu aphunzira kunena kuti iyai ndi kulipira mtengo wake. Sichinthu chopepuka, pakuti nthawi zina mtengo wake ndi nsima ya ana. Nchifukwa chake njira yachinaiyi siingayende popanda yachitatu: mai uja asasiyidwe yekha, ndipo mlandu wake ufikitsidwe kwa oyenera kuuweruza.

4. Machenjezo awiri

Eklezia saphunzitsa ana ake kufunafuna mazunzo kapena kuputa akuluakulu dala. Kuthawa ndi kubisala nkololedwa. Banja Loyera lomwe linathawira ku Ejipito. Choletsedwa ndicho kukana Khristu, kapena kupereka m'bale kuti udzipulumutse wekha. Ndipo wodzitama kuti iye sangagwe akumbukire Petro Woyera, amene analumbira madzulo nakana Mbuye wake tambala asanalire. Wogwa chifukwa cha mantha asatayidwe. Petro yemweyo anabwerera nafera Mbuye wake ku Roma.

Chenjezo lachiwiri nlowawa. Mu 1967 a Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko muno, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zao zitatenthedwa, chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mkatolika savomereza ziphunzitso zao; komabe anali anansi ake, ndipo obatizidwa ambiri anangopenya osanena kanthu. Wokonzekera mazunzo akonzekerenso kusakhala wozunza, kapena wokhala chete pamene mnansi wa chipembedzo china avutitsidwa. Ku Namugongo Akatolika ndi Aanglikani anapsa m'moto umodzi.

5. Udindo wa katekisiti

Pa masiku oipa katekisiti ndiye atsala ndi nkhosa, ndipo ndiyenso ayamba kufunidwa. Chifukwa chake asamange ntchito yonse pa iye yekha. Asankhe amuna ndi akazi awiri kapena atatu pa tchalitchi chirichonse, awaphunzitse kutsogolera mapemphero a Lamulungu, kuika maliro Chikhristu ndi kuphunzitsa ana; mabuku a maina a obatizidwa asungidwe bwino, ndipo ena adziwe kumene ali. Muyeso wa ntchito yake ndi uwu: iye atachotsedwa mawa, kodi Lamulungu likudzalo anthu adzasonkhana?

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Nchiyani chinasunga chikhulupiriro ku Buganda kuyambira 1882 kufikira 1885?
2. Ndi mapemphero ati amene ana a mphakati uno adziwa popanda buku?
3. Wina atachotsedwa ntchito chifukwa chokana choipa, mphakati ungamthandize bwanji mwezi woyamba?
4. Akuluakulu amene anaona za 1992 afotokozere achinyamata zimene anachita ndi kalata ija, ndi chifukwa chake.