PHUNZIRO 14: TIWERENGE MAWANGA

Nkhanga ili ndi mawanga. Nyalugwe ali ndi mawanga. Kapulana ya amayi nayonso ili ndi mawanga. Koma mawanga onsewa sanena chinthu chimodzi. Ife amene tikuphunzira kuwerenga zilembo, tiphunzirenso kuwerenga mawanga.

Mawanga a nyalugwe ndi ozungulira ngati mphete. Akagona pa nthambi, amafanana ndi mthunzi wa masamba, ndipo gwape amadutsa pansi osamuona. Palibe anyalugwe awiri ofanana mawanga. N'chifukwa chake akatswiri a nyama ku nkhalango ya Niassa amawasiyanitsa pa zithunzi. Mwana wa fisi amabadwa wakuda, mawanga amabwera akamakula. Anapiye a nkhanga amayamba ndi mizere.

Mawanga a pa kapulana amadindidwa ndi utoto ku fakitale. Amenewa ndi okongoletsa basi.

Tsopano tilowe m'munda. Tsamba la chinangwa chabwino ndi lobiriwira ponseponse. Tikaona mawanga achikasu, tsamba lopiringizika ndi mtengo wopinimbira, tidziwe kuti ndi khate la chinangwa. Matendawa si atsopano: analembedwa koyamba mu 1894 ku Tanzania. Amafalitsidwa ndi tintchentche toyera tokhala kunsi kwa masamba. Koma amene timawanyamula kwambiri ndife alimi, podula mbewu ku mtengo wodwala ndi kupatsana ndi anansi.

Ena amati chigwada cha masamba otere n'chokoma. Mwina n'zoona, koma pansi chinangwa chimakhala chochepa ndi chowonda. Ku Nampula ndi ku Zambézia, kumene mabanja ambiri amadya nsima ya chinangwa, khate limeneli limachotsa chakudya m'mbale ya ana.

Mankhwala ochiza mtengo wodwala palibe. Tizule mitengo yamawanga ikadali yaing'ono, tiitaye kutali ndi munda. Mbewu tidule ku mitengo yopanda banga, ndipo tiiike chizindikiro masamba asanayoyoke, chifukwa phesi lopanda masamba silionetsa matenda. Tifunse alangizi za mitundu yopirira khate. Ntchitoyi tigwire mudzi wonse pamodzi: tintchentche sitidziwa malire a minda.

Tiwerenge mokweza:
wa - we - wi - wo - wu
nga - nge - ngi - ngo - ngu
banga, mawanga, nkhanga, chinangwa

Tikambirane:
1. Kodi mawanga amamuthandiza bwanji nyalugwe?
2. Mbewu ya chinangwa imene tinabzala chaka chino tinaitenga kuti?
3. Ndi mbewu ziti zina m'minda yathu zimene zimachita mawanga zikadwala?