PHUNZIRO LA MAKOLO: KAGONEKEDWE KA MWANA WAMNG'ONO

Makolo okondedwa a ku Nkhotakota, ndi inu aphunzitsi a katekisimu amene mumayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, phunziro la lero likunena za mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu, ndi za m'mene tiyenera kumgonekera usiku. Ena adzati: Kodi nkhani yotere iyenera kulowa m'nyuzi ya Eklezia? Suja mwana akatopa amagona yekha? Indedi amagona, koma taonani kumene amagona: lero kumbuyo kwa mai ake ku doko, mawa pa mchenga pafupi ndi moto, mkuja pa khonde, udzudzu uli kumdya. M'mawa mwake adzuka wolira ndi wokana phala. Pakapita masiku, thupi latentha. Chifukwa chake mutu wa phunziro lino ndi uwu: mwana agonekedwe nthawi imodzimodzi, pa malo amodzimodzi, potsata mwambo umodzimodzi, tsiku ndi tsiku.

TULO NDI CHAKUDYA CHA THUPI

Mulungu polenga usana ndi usiku anaika m'thupi la munthu chinthu chonga wotchi. Mdima ukagwa, ubongo umatulutsa mankhwala ake otchedwa melatonin, amene amaitana tulo; koma kuwala kwambiri kumawachedwetsa. M'tulo tofa nato ndi m'mene thupi la mwana limakula bwino, ndipo nzeru zake zimasunga mau atsopano amene wamva masana. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 kufikira 14 pa tsiku, kuwerengera pamodzi ndi tulo ta masana. Wa zaka zitatu kapena zinai, maola 10 kufikira 13. Ndiponso kuti nthawi yogona ndi yodzuka isamasinthesinthe.

Tiyeni tiwerenge. Kuno dzuwa limatulukira pa nyanja, ndipo pofika 6 koloko mudzi wonse uli maso. Mwana amene wagona 10 koloko usiku wapeza maola 8. Tikaonjezapo awiri a masana, ndi 10 okha, osafika ngakhale pa muyeso wochepa wa mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma amene wagona 7 koloko wapeza maola 11, ndipo pamodzi ndi a masana akwana 13. Popeza dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, simusowa wotchi ai: mdima ukangogwira, nthawi ya mwana yakwana. Musanyengedwe pomuona ali kuthamangathamanga ndi kukuwa usiku, ndi kumati alibe tulo. Mwana wotopa mopitirira ndiye amene amalusa ndi kuvuta kugona.

MDANI WA USIKU

Kwa ife a ku nyanja nkhaniyi iri ndi mbali ina yoopsa. Dziko lathu ndi la madzi: nyanja, Chia, mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa, ndi madambo a mpunga. Madzi amatidyetsa, komanso m'zithaphwi zake ndi m'mene udzudzu umaswana. M'chaka cha 1897 dokotala Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ndiwo umafalitsa matendawa, ndipo umaluma makamaka usiku. Malungo ndi ochuluka m'boma lino, kotero kuti m'chaka cha 2007 ntchito yopopera mankhwala m'makoma a nyumba inayambira kuno. M'chaka cha 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana. Zonsezi ndi zabwino, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimachotsa kufunika kwa masikito. Ana osafika zaka zisanu ndiwo amene malungo amawagwetsa msanga, chifukwa matupi ao sanaphunzire kulimbana nao. Ola lirilonse limene mwana wanu ali pa bwalo usiku, ali m'manja mwa mdani.

Tinene mosabisa: alipo makolo amene amalandira masikito ku chipatala nawasandutsa ukonde wogwirira nsomba, kapena mpanda wa dimba, kapena khola la anapiye. Wochita izi wasinthanitsa magazi a mwana wake ndi mbale ya ndiwo, ndiponso wapha tinsomba tating'ono timene tikanadyetsa mudzi chaka chamawa. Mkristu adzifunse ngati akusunga lamulo lachisanu la Mulungu, limene limatilamula kuteteza moyo.

MWAMBO WA MADZULO

Mwana wamng'ono sadziwa kuwerenga nthawi, koma amadziwa chimene chimatsata chinzake. Akaona kuti atadya amasamba, atasamba amapemphera, atapemphera amagona, thupi lake limayamba kudzikonza lokha. Nawu mwambo umene ungathe kutsatidwa m'nyumba iriyonse, ya malata kapena ya udzu:

1. Adye dzuwa lisanalowe. Asadikire nsima kapena kondowole wa akulu, amene nthawi zambiri amachedwa podikira ndiwo. Mpatulireni chake. Musampatse tiyi wa masamba, zakumwa za m'mabotolo kapena maswiti madzulo, chifukwa zimathamangitsa tulo.

2. Msambitseni pa khomo ndi madzi ofunda, a pa mjigo kapena owiritsa. Musamsambitse m'mphepete mwa nyanja pakati pa bango, pamene pamakhala nkhono za likodzo, ndiponso ng'ona. Nyengo ya mwera mvekeni zofunda.

3. Chepetsani kuwala ndi phokoso. Wailesi ilankhule pang'onopang'ono, ndipo foni isalowe m'manja mwake. Bungwe lija linalangizanso kuti mwana wa chaka chimodzi asamaonere kanema konse, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi pa tsiku.

4. Mkodzetseni, ndi kumtsuka m'kamwa.

5. Khalani naye pa mphasa yake. Mai kapena agogo amuimbire kanyimbo kapena amuuze kanthano kakafupi, kopanda zoopsa. Asadandaule akapempha komweko tsiku lirilonse. Kubwereza ndiko kumene kumamkhazika mtima pansi.

6. Pempherani naye. Gwirani dzanja lake lamanja ndi kumthandiza kuchita chizindikiro cha mtanda. Tchulani maina a abambo, amai ndi abale, kupempha Yesu ndi Maria awasunge. Itanani Mngelo wake womsunga. Kenaka mlembeni kamtanda pa chipumi. Mphindi ziwiri zakwana. Korona yense ndi wa akulu.

7. Tsitsani masikito ndi kupisa m'mbali mwake pansi pa mphasa kapena matiresi. Onani ngati mulibe udzudzu kapena zibowo. Pobooka sokani tsiku lomwelo. Koloboyi ndi kandulo zikhale kutali, chifukwa masikito sachedwa kuyaka.

Zonsezi sizipitirira theka la ola. Mgonekeni ali kusinza koma asanagoneretu, kuti azolowere kupeza tulo pa malo ake. Sikofunika kuti akhale ndi chipinda chakechake. Akhoza kugona pamene mai ake adzagona, ndipo mai apitirize ntchito pafupi pamene angamve kulira kwake. Koma musamtsekere m'nyumba yekha inu ndi kuchoka.

Masiku oyamba adzakana. Adzadzuka, adzalira, adzapempha madzi kawiri ndi katatu. Mbwezereni pa mphasa mofatsa, ndi mau ochepa omwe aja, osakalipa ndiponso osayambanso kusewera naye. Mukamlekerera lero chifukwa walira kwambiri, mawa adzalira koposa, popeza waphunzira kuti kulira kumatsegula chitseko. Musataye mtima: tsiku limodzi silioza mbewa. Maliro kapena ulendo zikasokoneza mwambo, ubwezeretseni usiku wotsatira.

MAU KWA ABAMBO

Ambiri a inu ndinu asodzi, ndipo nthawi imene mwana ali kugona ndi imene inu muli kukonza nyali ndi chilimira kuti mukasake usipa. Musati tsono iyi ndi ntchito ya akazi. Musanatsikire ku bwato, lowani, ikani dzanja pa mutu wa mwana wanu ndi kumdalitsa. Iye adzazolowera kuti dalitso la abambo ndilo chizindikiro cha kugona, ndipo inu mudzapita pa madzi mutasiyana ndi banja lanu mu mtendere. Marko Woyera, pa mutu 4 wa Mthenga wake, amatiuza kuti Ambuye athu anagona m'ngalawa pa nyanja ya Galileya namondwe ali kuwomba. Iye amene anagona pa madzi ali ndi mphamvu yosunga atate pa nyanja ndi mwana pa mphasa. Ndipo inu amene simupita ku nyanja, musabwere usiku ndi phokoso la mowa kudzadzutsa mwana amene mkazi wanu wavutika kumgoneka.

ZOYENERA KUPEWA

Musamuopseze kuti akapanda kugona fisi kapena mfiti idzamtenga. Adzakhala chete, koma ndi mantha, ndipo mwana woopa mdima amadzidzimuka usiku. Tingamuuze bwanji kuti Mngelo ali pambali pake, titangomuuza kuti fisi ali pa khomo? Musammenye chifukwa cholephera kugona. Musampatse mowa kapena mankhwala ogonetsa amene dokotala sanalamule. Zimenezi zikhoza kumpha. Musakangane pamaso pake. Ndipo mwana amene wazolowera kugona bwino akayamba kulira usiku thupi liri lotentha, musathamangire kwa woombeza kapena kummangira zithumwa. Pitani naye tsiku lisanathe ku chipatala chimene chiri pafupi, kaya chaching'ono cha m'dera lanu, kaya chachikulu cha boma, kaya cha St Anne's, akampime magazi. Akakomoka, kapena akamasanza chirichonse, musadikire kuti kuche.

MWAMBO WA EKLEZIA

Eklezia anadziwa kale kuti tsiku liyenera kutsekedwa mwadongosolo. Benedict Woyera, m'malamulo amene analembera amonke ake ku Italy zaka zoposa 1,400 zapitazo, anaika pemphero lotsiriza la tsiku, nalamula kuti likatha onse akhale chete. Mpaka lero ansembe ndi asisitere amanena pemphero la usiku asanagone. Ku Turin, m'chaka cha 1847, mai Margherita, amai ake a Don Bosco Woyera, analandira mnyamata wamasiye amene ananyowa ndi mvula; anamdyetsa, namuyalira pogona, namuuza mau ochepa achikondi asanagone. Pamenepo ndi pamene panayambira mwambo wa mau a usiku umene a Salesian amasunga m'nyumba zao. Ndipo m'chaka cha 1964 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa kuti banja ndi Eklezia wa pa khomo, ndi kuti makolo ndiwo alaliki oyamba a chikhulupiriro kwa ana ao. Tsono mphasa ya mwana wanu ndiyo sukulu yake yoyamba ya katekisimu. Asanadziwe kuyankha funso ndi limodzi lomwe, amaphunzira pamenepo kuti alipo amene amamsunga mu mdima, ndi kuti mau a makolo ake sasintha. M'mera mpoyamba.

MAFUNSO A M'MIPHAKATI

Aphunzitsi awerenge phunziroli pa msonkhano wa mphakati ndiponso kwa makolo okonzekera ubatizo wa ana, ndipo akambirane mafunso awa:

1. Kodi ana aang'ono a m'mudzi mwathu amagona nthawi yanji, ndipo chimene chimawachedwetsa nchiyani?
2. Kodi masikito amene tinalandira ali kuti lero?
3. Ndani amagoneka mwana pamene mai ali ku doko kapena ku matenda, ndipo kodi iye amaudziwa mwambowu?
4. Tingathandize bwanji agogo amene akulera ana amasiye okha?

Makolo Akristu, yambani madzulo ano. Angelo Oyera otisunga, amene timawakumbukira pa 2 October, alondere ana anu kufikira kutacha.