Bwalo ndi lathu, koma phokoso ndi la alendo

Bambo, m'kalata yanu mwafunsa ngati ogulitsanso matikiti ndiwo amathamangitsa ochemerera a pakhomo. Ine ndikuti muzu wa vutoli uli pena. Taonani timu ya Chargers ya mpira wa ku America. Inakhala ku San Diego kuyambira 1961, kenako mu 2017 inasamukira ku Los Angeles, n'kusiya anthu omwe anakula nayo. Chaka chomwecho, itakumana ndi Philadelphia Eagles pabwalo lake laling'ono ku Carson, m'mipando munadzaza majezi obiriwira a alendo. Ambiri mwa omwe anagula matikiti a nyengo yonse analibe nayo mtima timuyo, choncho anawagulitsa pa intaneti kwa woyika ndalama zambiri.

Wina anganene kuti tikiti ndi ya mwini wake, ndiponso ndalama zinalowa kale m'thumba la kalabu. Zoona, ndipo munthu amene wadwala tsiku la masewero asaletsedwe kugulitsa. Komatu m'masewero amenewa phokoso ndi chida: likakula, osewera samvana potsogolera mpira. Kusokonezedwa pakhomo pako n'kowawa. Mlandu, bambo, ndikuupereka kwa eni timu omwe anaizula pakati pa anthu ake.